Rozi woyanga mu mphika kumaiko a sinowo, nkhani yagona pa mizu

Ambiri a ife amene tili kumaiko ozizira kuno timakhala nyumba za lendi, bwalo lake ndi simenti yokhayokha kapena kakhonde chabe, pena kabwalo kadothi kalipo koma landilodi anakaniza kukumba. Nde munthu ukalakalaka rozi uja woyanga khoma lonse, maluwa ali mbwee mpaka pawindo, njira yatsala ndi kumudzala mu mphika basi. Zimatheka ndithu, olo kumalo kumene January amafika madigiri -25. Koma ndimaona anthu akuyambira kumapeto, amayamba ndi kusankha duwa pa intaneti, kaya la pinki kaya lofiira, fungo lake lotani, kenako mphika wokongola, nkhani ya winta nkudzaiganizira mu November chisanu chitayamba kale. Musanatulutse ndalama dzifunseni kaye kuti mphika umenewu ukagona kuti mu January. Yankho lake ndi limene likuuzeni kukula kwa mphika, mtundu wa rozi, komanso chimene mumangirirepo nthambi zake.

Chifukwa chake nachi. Masiku akamafupika usiku nkumazizira pang'onopang'ono, nthambi za rozi zimadzikonzekeretsa zokha, zimachepetsa madzi m'kati, shuga nkuchuluka, khungwa nkukhwima, mpaka mitundu ina imapirira -30 osafa. Mizu siifika pamenepo ayi, chilengedwere siinafunikepo kutero. Rozi wodzala pansi kuzizira kumamupeza kuchokera pamwamba pokha, kunsi kwake kuli nthaka yonse imene ikusungabe kutentha kwa chilimwe, ndipo kukagwa sinowo nde bwinonso chifukwa amafunditsa dothi, kunja kutha kukhala -25 koma pamene pali mizu pangotsika pang'ono pa 0. Mu mphika zimenezo mulibe. Kuzizira kumalowa m'mbali monse, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo kukazizira masiku angapo motsatizana dothi la mu mphika limazizira pafupifupi chimodzimodzi ndi mpweya wa panja. Timizu tating'ono toyera tija timene timamwa madzi timakhala titatsamira m'mbali mwa mphika, nde ndi timene timayamba kufa.

Chopweteka nchakuti simudziwa msanga. Mu April mukaona nthambi zili zobiriwira bwinobwino, maso atupa, timasamba tofiirira tayamba kutuluka, inu nkumati wapulumuka. Timasamba timeneto tikudya chakudya chimene chinasungidwa mu nthambi momwemo. Kukangotentha masiku awiri atatu mu May zonse zimalendewera nkuuma, mukathirira madzi palibe chosintha, ena amathamangira kukagula mankhwala poganiza kuti ndi matenda. Mukamuzula mupeza mizu yabulauni, yofewa, khungu lake likusendeka ndi zala, pena ikununkha chiwolewole. Anafa mu January, nkhani yangofika mochedwa.

Palinso zina ziwiri zimene zimapha kupatula kuzizira kwenikweniko. China ndi kuundana nkusungunuka, kuundananso nkusungunukanso, makamaka mphika ukakhala pamene dzuwa la masana likuwomba mu February, masana dothi lafewa usiku lalimba gwa, timizu nkumaduka. China ndi ludzu. Dothi likaundana mizu siingakoke madzi olo pang'ono, pamene mphepo ndi dzuwa zikuumitsabe nthambi kumwambaku, nde rozi amauma ali pa dothi lonyowa.

Tsono nkhani ya ma zone. Ku America boma kudzera ku USDA, nthambi yake ya zaulimi, linagawa dziko potengera kuzizira kwambiri kumene malo amafika pa chaka, mapu atsopano anatuluka mu 2023, ndipo zone iliyonse imasiyana ndi inzake ndi madigiri pafupifupi 5.6 a Celsius. Zone 6 ndi kuyambira -23 mpaka -18, zone 5 ndi -29 mpaka -23, zone 4 ndi -34 mpaka -29, zone 3 imafika -40. Abale athu a ku South Bend ndi Chicago ali cha mu 5 ndi 6, Minneapolis ili cha mu 4 ndi 5, Winnipeg ya ku Canada nde 3. Palebulo la rozi akalemba kuti zone 5 akunena rozi wodzala pansi. Alimi a maluwa amati cha mu mphika chimene chigone panja muchotsere ma zone awiri, kutanthauza kuti ngati muli mu 6 funani rozi wa zone 4, ngati muli mu 5 funani wa 3. Si lamulo loti linachita kuyezedwa ndendende koma limathandiza, ndipo mukaliona bwino muona kuti wa mu zone 4 kapena 3 alibe rozi woyanga amene angamusiye panja mu mphika osamuteteza, ameneyo ndi wa mu galaja kapena wokwirira basi.

Ku Britain ndi ku Ireland nkhani ndi ina pang'ono. Madera ambiri kumeneko ali ngati zone 8 kapena 9, marozi ambiri amagona panja mu mphika popanda vuto, mdani wamkulu ndi mvula yosatha imene imadzadza mphika mizu nkuwola. Komabe musatayirire, December wa 2010 ndi kumapeto kwa February 2018 kunazizira zoti miphika inaundana mpaka pakati, ndipo kumtunda kwa Scotland zimenezi si zachilendo. Anzathu a ku Johannesburg chisanu cha June ndi July chimagwa inde, koma masana kumafunda, mphika waukulu suundana wonse, inu zambiri za winta zili m'munsimu sizikukhudzani, kungoti mutembenuze kalendala, kudulira kwanu ndi kumapeto kwa July pamene kuno ndi April.

Musanagule funsaninso ngati roziyo ndi womezanitsa kapena wa mizu yakeyake. Marozi ambiri a m'masitolo ndi omezanitsa, monga amachitira ndi mango kumudzi kuja, pansi mtengo wina wolimba pamwamba mtundu umene mukuufunawo. Ku America pansipo nthawi zambiri amaika mtundu wa rozi wotchedwa Dr. Huey, ku Canada amakonda multiflora, ku Britain laxa. Pamene anamezanitsapo pamakhala chimfundo chotupa pamwamba pa mizu, nthambi zonse zimachokera pamenepo, ndipo chimfundo chimenechi chikafa ndi chisanu rozi amene munagula uja wapita, zimene zidzaphuke ndi za mtengo wa pansi. Ndi chifukwa chake mumamva munthu akuti rozi wanga anali wachikasu chaka chino watulutsa timaluwa tofiira modera kamodzi kokha basi, ameneyo ndi Dr. Huey watenga malo. Wa mizu yakeyake amayamba pang'onopang'ono, chaka choyamba amaoneka wonyozeka, koma nthambi zonse zitafa mizu nkutsala, chimene chiphuke ndi rozi yemwe uja. Kumalo kozizira kwambiri ine ndimasankha ameneyu. Ngati mwapeza womezanitsa yekha, chimfundocho chikwirireni masentimita 5 mpaka 10 pansi pa dothi, chisaonekere.

Mitundu yake. Kwa ife a zone 5 ndi 6 pamene tingayambire ndi marozi amene amatchedwa Explorer, anapangidwa ndi nthambi ya zaulimi ya boma la Canada ku Ottawa, ntchito yaikulu anagwira ndi mayi Felicitas Svejda amene cholinga chawo chinali rozi woti apirire winta ya ku Canada osafunditsidwa. John Cabot anatuluka mu 1978, William Baffin mu 1983, Henry Kelsey mu 1984, John Davis mu 1986, Quadra mu 1994. William Baffin ndi amene amatchuka kulimba, wa zone 3, amafika mamita 2.5 mpaka 3, maluwa a pinki yowala ambirimbiri koma fungo ndi lochepa, ndipo nthambi zake ndi zonenepa zouma khosi, kuzipinda ndi ntchito. Mu mphika ine ndimakonda John Davis, nthambi zake ndi zofewa zimalola kuzunguliza, maluwa a pinki odzadza bwino, ndipo sathamanga kukula ngati mnzakeyo. Wofuna ofiira ayang'ane Quadra, kapena Ramblin' Red wa William Radler wa ku Wisconsin uja anapanganso rozi wotchedwa Knock Out.

New Dawn anthu amamukonda ndipo mpake, pinki yake yoyererako ija ndi yokongola, anatuluka mu 1930 ndipo ndi chomera choyamba kulandira patent, chiphaso cha boma choteteza umwini wa mtunduwo, ku America. Koma ndi wa zone 5 ali pansi, amafuna mamita 4 kapena kuposa, minga yake ndi yoopsa, mu mphika zaka ziwiri zitatu amakhala wadzadza kale. Eden wa kampani ya Meilland ya ku France, amene dzina lake lina ndi Pierre de Ronsard, ndi Zéphirine Drouhin wa 1868 wopanda minga uja, onsewa kuno ndi oti agone mu galaja, ndipo Zéphirine amadwala madontho akuda pamasamba kwambiri. Amene simuyenera kuwayesa nkomwe ndi ma rambler akuluakulu monga Kiftsgate, Rambling Rector ndi Paul's Himalayan Musk, amenewa ndi okwera mitengo, palibe mphika ungawakwane. Komanso amachita maluwa kamodzi pachaka pa nthambi za chaka chatha, nde winta ikapha nthambizo chaka chonse mungoona masamba. Sankhani wobwereza maluwa amene amatulutsanso pa mphukira za chaka chomwecho. A ku Britain muli ndi mwayi, Gertrude Jekyll kapena Strawberry Hill a David Austin, kampani ya marozi ya kwanuko, amakhala bwino mu mphika waukulu, ndipo ngati malo ndi ochepa pali oyanga ang'onoang'ono a Chris Warner monga Warm Welcome ndi Laura Ford amene amathera cha pa mamita 2.

Apa nde pamene pali mfundo yovuta kumasula. Mphika ukakula mpamene mizu imatetezeka, chifukwa dothi lambiri limachedwa kuundana ndipo limachedwanso kuuma mu July. A David Austin amalangiza kuti rozi woyanga apatsidwe mphika wosachepera masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya, wolowa malita pafupifupi 100 a dothi, ndipo kuno kozizira ndingati pamenepo ndi poyambira chabe. Koma malita 100 a dothi lonyowa, kuphatikiza mphikawo, rozi ndi chomangirirapo, zitha kupitirira makilogalamu 100. Onjezani nthambi za mamita 3 zaminga zimene mwazimangirira kukhoma. Mudzasuntha bwanji chimenechi mu November? Ndi chifukwa chake muyenera kusankha tsiku loyamba lomwelo pakati pa njira ziwiri. Ngati adzalowe mu galaja, mphika ukhale pa thabwa lamatayala lolimba kuyambira tsiku lodzala, ndipo chomangirirapo chikhale cha mu mphika momwemo, zija zosongoka kumwamba amati obelisk, kapena trellis, timatabwa tija topingasana, yokhomerera ku mphikawo, zonse ziziyendera limodzi, muyezenso chitseko cha galaja kutalika kwake, osadzazindikira tsiku losamutsa kuti sizikulowa. Ngati adzagone panja pomwepo, nde tengani mphika waukulu momwe mungathere, mtundu wolimbitsitsa, ndi malo obisika ku mphepo. Okhala m'mafulati am'mwamba funsani kaye eni nyumba kuti khonde lanu limaloledwa kulemera kotani, ndipo dziwani kuti kumwambako mphepo ndi yamphamvu, rozi wamasamba amagwira mphepo yambiri mphika nkugwa.

Mphika wadothi wootcha uja ndi wokongola koma umamwa madzi, madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, mphika nkung'aluka kapena kusendeka zipalapala. Wachitsulo umazizira msanga nkutenthanso msanga. Abwino ndi theka la mgolo wamatabwa zija amadula migolo ya whisky, bokosi lamatabwa onenepa, pulasitiki yokhuthala kapena fibreglass. Pewani wopapatiza kukamwa wotupa pamimba, tsiku lodzamutulutsa rozi mudzachita kuuswa. Musanathire dothi mutha kuyala foam board ya masentimita 2 mpaka 5 m'mbali mwa m'kati, imene amaika m'makoma a nyumba ija, pansi pokha osatseka. Foam sibweretsa kutentha ayi, imangochedwetsa kusintha, koma kuchedwetsako ndi kumene tikufuna. Mabowo a pansi akhale ambiri, ngati lilipo limodzi boolani ena ndi drill.

Miyala pansi pa mphika musaike. Ndikudziwa ambiri tinaphunzitsidwa choncho koma madzi sachoka mu dothi losalala kulowa mu miyala mpaka dothilo litakhuta kaye, nde miyala imangokweza chinyontho chija kufika pamene pali mizu nkukudyeraninso malo. Dothi lokumba pabwalo nalo lokha silithandiza, mu mphika limagwirana nkulimba. Ku Britain gulani dothi la m'matumba lotchedwa John Innes No. 3, muli dothi lenileni lolemera limene limasunga chakudya nkugwiranso mphika kuti usagwe, musakanize ndi kompositi kapena manyowa owola bwino pang'ono. Ku America ndi Canada tengani potting mix yabwino, dothi la m'matumba lodzalira mu miphika, muonjezere kompositi ndi timakungwa ta paini kapena perlite, timiyala toyera topepuka, kuti mpweya uzilowa. Rozi amakonda pH, muyezo wa asidi wa m'dothi, ya cha pa 6 mpaka 6.5. Ngati mwagula wopanda dothi, mizu ili pamtunda, amene ku Britain amagulitsidwa November mpaka March ndipo kuno amafika cha mu April, munyikeni mu ndowa ya madzi maola angapo musanadzale. Kumalo kozizira dzalani mu spring, winta ikangotha, osati kumapeto kwa chaka, apeze chilimwe chonse chozikira mizu. Siyani masentimita 5 pamwamba osadzadza kuti madzi azikhala ndi poima.

Kumangirira ndi pamene ambiri amataya maluwa. Rozi alibe zogwirira, sadzikoloweka yekha, amangotulutsa nthambi zazitali, kumanga ndi kwanu. Ndipo nthambi ikaloza kumwamba chilili, diso la kunsonga limapondereza maso onse a m'munsi kuti asaphuke, mapeto ake maluwa ali kudenga kokha pansi pali ndodo zaminga. Mukaipinda nthambi ija kuti igone chopingasa, kapena ipendekeke madigiri 45, pakapita masabata ochepa muona diso lililonse la pamsana pake latupa nkutulutsa kanthambi, ndipo kanthambi kalikonse kakubwera ndi maluwa ake. Pa khoma ziyaleni motambasula uku ndi uku, pa obelisk zizungulizeni mokwera pang'onopang'ono, zina kumanja zina kumanzere. Pindani zikadali zanthete, ikakhwima imathyoka, ndipo gwirani ndi manja awiri muzipinda pang'onopang'ono mukumvetsera, ikayamba kulira tsetsetse siyani pomwepo. Mangani ndi chingwe chofewa mopingasa ngati 8, nthambi mbali ina chitsulo mbali ina, waya ayi amadula khungwa. Chinthu chimodzi chimene ndikupemphani, musalowetse nthambi kuseri kwa trellis nkuitulutsira kutsogolo ngati mukuluka. Zonse zikhale kutsogolo zomangidwa ndi chingwe, kuti November akafika mungodula zingwe nthambi nkutsika zonse bwinobwino. Zaka ziwiri zoyamba nthambi zazikuluzi musadule, chotsani zakufa zokha.

M'chilimwe ntchito ndi madzi. Rozi amafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa, ndipo mphika wa pafupi ndi khoma mvula siufika bwino, denga limatchinga masamba nawo amatchinga, nde olo kwagwa mvula pisani chala muone. Mu July kukatentha ndi tsiku lililonse, ndowa yathunthu pang'onopang'ono mpaka madzi atulukire pansi, pa dothi osati pamasamba. Mizu ikamauma pafupipafupi mpamene masamba amachita zoyera ngati awazidwa ufa, ndipo masamba akamagona onyowa mpamene madontho akuda amafala. Mphika wakuda pa dzuwa la masana umaphika mizu, utchingeni ndi timiphika tina kutsogolo. Nsabwe zobiriwira za pa mphukira zimachoka ndi madzi a paipi kapena zala. Kuno kuli zikumbu zotchedwa Japanese beetle zimene zimadya maluwa kuyambira kumapeto kwa June, m'mawa zikadali zaulesi zigwedezereni mu chitini cha madzi a sopo. Ku Britain samalani ndi mphutsi za kachilombo kotchedwa vine weevil, zoyera zopindika mutu wabulauni, zimadya mizu mu mphika mwakachetechete, mankhwala ake abwino ndi ma nematode, tinyongolotsi ting'onoting'ono topha mphutsizo, othira ndi madzi dothi likadali lofunda.

Chakudya nacho chimatha msanga chifukwa kuthirira kulikonse kukutsuka dothi. Ikani feteleza wa marozi wosungunuka pang'onopang'ono masamba akayamba, kenako wamadzi masabata awiri aliwonse, wa tomato uja amachita bwino chifukwa ali ndi potaziyamu wambiri. Ife tinazolowera kuti mbewu ikaoneka yofooka tibereke ndi urea, pa rozi wa mu mphika dzanja limenelo libwezeni, nayitrojeni wambiri amabweretsa masamba anthete okoma kwa nsabwe ndipo amatha kuwotcha mizu. Chofunika kwambiri ndi tsiku losiya. Kumayambiriro kwa August feteleza yense aime, masabata 6 mpaka 8 chisanu choyamba chisanagwe, chifukwa mphukira yotuluka mu September sipeza nthawi yokhwima, imafa ndi chisanu choyamba nkusiya bala. Mu September siyaninso kudula maluwa ofota, asiyeni apange timipira tawo tofiira tija, rozi azibwerera m'mbuyo yekha. Madzi okha musasiye, alowe mu winta dothi lili lachinyontho, louma limazizira msanga ndipo mizu youma imafa msanga.

Tsono kumugoneka. Osathamangira kumulowetsa usiku woyamba wa chisanu, amafunika alawe kuzizira kangapo, -3 kaya -5, kuti agone tulo tenitenito, kuno nthawi zambiri ndi pakati kapena kumapeto kwa November, koma alowe kusanafike ma -10 otsatizana. Thotholani masamba otsala, tolani onse agwera mu mphika mukataye ku zinyalala osati pa kompositi chifukwa ndi mmene matenda amagonera. Mangani nthambi pamodzi, nsonga zotalikitsa zokha ndi zimene mungadule. Malo abwino ndi galaja yopanda hita, makamaka yogundana ndi nyumba, pamene pamakhala pakati pa -5 ndi 5, muike kukhoma la kunyumba kutali ndi chitseko chachikulu, ndipo gulani ka thermometer muike pambali pake muzidziwa zoona. Mdima si vuto poti masamba palibe. M'nyumba kapena ku basement kumene kuli hita ayi, amadzuka mu January nkutulutsa timphukira toyera totalika tofooka timene timamudyera mphamvu pachabe. Pakatha masabata atatu kapena anayi pisani chala, ngati dothi lauma ndipo silinaundane thirani pang'ono, mongonyowetsa osati kudzadza. Marozi ambiri a mu galaja amafa ndi kuiwalidwa kuthirira, eni ake nkumanamizira chisanu. Shedi yapayokha yamatabwa opyapyala imangotchinga mphepo, kuzizira kwake nkofanana ndi panja, mmenemo mphika ukulungidwebe.

Wopanda galaja asataye mtima. Ngati pali kadimba ka masamba kamene kamakhala kopanda kanthu mu winta, kanu kapena ka neba, kumbani dzenje mukwirire mphika wonse mpaka m'milomo dothi lisanalimbe, pamwamba muunjikire dothi kapena kompositi masentimita 25 mpaka 30 kuzungulira tsinde, iyi nde njira yodalirika kuposa zonse chifukwa mizu yabwerera ku kutentha kwa nthaka. Ku Minnesota alimi a marozi ali ndi njira yawo yakale yogoneka rozi yense mu ngalande nkumukwirira, nthambi ndi zonse, ndipo ndi mphika zimathekanso, kuugoneka cham'mbali nkufunditsa zonse ndi dothi ndi masamba ouma ambiri. Ngati kukumba nkosatheka, kokerani mphika pakona ya nyumba yobisika ku mphepo, mbali imene dzuwa la masana silifika, kumpoto kapena kum'mawa. Zimamveka zosemphana koma mphika woundana nkukhala chiundanire uli bwino kuposa wosungunuka tsiku ndi tsiku. Ukhale pansi penipeni kuti uzilandira kutentha kwa nthaka, pa khonde lam'mwamba pamene mphepo imadutsa kunsi yalani foam pansi pake. Zungulizani waya wa nkhuku kusiya mpata wa masentimita 20 kapena 30, mudzadzemo masamba ouma kapena udzu wouma, kapena kulungani bubble wrap kangapo nkuphimba ndi chiguduli. Pulasitiki ithere pa mphika, nthambi zikulungidwe ndi chiguduli kapena nsalu ya fleece yopuma, mu pulasitiki zimachita thukuta nkuwola. Kukagwa sinowo muunjikireni pa mphikapo, bola asakhale wa panjira wothiridwa mchere. A ku Britain inu nde mosiyana, kwezani mphika pa timiyendo kapena njerwa kuti madzi azituluka, chotsani mbale ya pansi, bubble wrap ikhale pafupi kudikira sabata yoipa.

Masamba ouma ndi udzu zimaitana mbewa, ndipo akalulu sinowo akakwera amafikira nthambi nkudya khungwa kuzungulira, nthambi yodyedwa kuzungulira yafa basi. Nde dikirani kuzizire kaye musanafunditse, mbewa zikhale zitapeza kale kogona kwina, ndipo tsinde lizungulizeni ndi waya wa timabowo tating'ono.

Kumudzutsa kumafuna kuleza mtima kuposa kumugoneka. March amanyenga, sabata imodzi kufunda sabata inayo -10. Chotsani zofunda pang'onopang'ono, wa mu galaja atuluke usiku ukasiya kutsika kwambiri, cha kumapeto kwa March kapena mu April, ayambire pamthunzi masiku angapo, ndipo matayala aja akuthandizaninso pano chifukwa akalengeza chisanu champhamvu mungomukankhira m'kati usiku umodzi. Nthawi yodulira anthu kuno amaonera forsythia, chitsamba chija chimachita maluwa achikasu chisanatulutse masamba. Yambani kunsonga, dulani pang'ono muyang'ane pakati pa nthambi. Pakakhala poyera kapena pobiriwirako ngati m'kati mwa apozi ndi yamoyo, pakakhala pabulauni tsikani m'munsi mudulenso, mpaka mupeze poyera, olo kutanthauza kufika pafupi ndi dothi. Kunja nthambi itha kuoneka yobiriwira m'kati itafa, nde musakhulupirire khungwa lokha. Tinthambi ta m'mbali timene tinachita maluwa chaka chatha tifupikitseni kutsala maso awiri kapena atatu, zikuluzikulu zimangeninso chopingasa, ndipo rozi akakula chaka chilichonse chotsani imodzi yokalambitsitsa pansi penipeni kuti yatsopano ipeze malo. Wa mizu yakeyake amene akuoneka ngati wafa yense mupatseni mpaka June musanamutaye, amatha kuphukira pansi.

Olo mumusamale bwanji, rozi wa mu mphika safika msinkhu umene analemba palebulo, amene pansi amafika mamita 3 mu mphika yembekezani 2 kapena 2.5, ndipo dothi lake limatopa. Chaka chilichonse palani masentimita 5 a pamwamba muike kompositi watsopano. Pakatha zaka zitatu kapena zinayi muona madzi akungodutsa m'mbali nkutulukira pansi nthawi yomweyo, maluwa achepa nkukhala ang'onoang'ono, masana akufota olo munathirira m'mawa, apo ndiye kuti mizu yadzadza. Ntchitoyi ndi ya anthu awiri ndi magolovesi achikopa ofika m'zigongono, ndipo ichitike akadali mtulo, maso asanaphukire. Mangani nthambi pamodzi, gonekani mphika pa lona, mmodzi agwire mphika wina akoke pa tsinde. Ndi sowo yakale kapena mpeni waukulu chekani mizu ya m'mbali ndi ya pansi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, gwedezani dothi lakale limene likulola kuchoka, onani mabowo ngati sanatsekeke, mubwezereni ndi dothi latsopano pa kuya komwe kuja. Nthambi nazo zichepetseniko kuti zilingane ndi mizu yatsalayo. Thirirani mokwanira, akhale pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri, feteleza adikire mpaka masamba atsopano atatambasuka.